Chikoti cha Atsamunda Chisapeze Mwini Watsopano

Pali anthu ena m'dziko muno, ena a iwo ali m'maofesi a Boma ndipo ena ali m'makomiti a chipani, amene akamva nkhani ya tsankho ndi nkhanza za apolisi amapukusa mutu nanena kuti zimenezo ndi za ku America ndi ku Joni, kuno ku Malawi zidatha pa 6 Julaye 1964 pamene mbendera ya Angerezi idatsitsidwa. Anthu oterewa akulakwa, ndipo kulakwa kwawo n'koopsa pakuti ndiwo amene agwira zolembera ndi zidindo. Wofuna kuona kulakwa kumeneku asavutike n'kukwera ndege. Akwere basi ya ku Phalombe, akatsike pa Boma, akayang'ane phiri la Michesi ndi chigwa chotambalala mpaka ku nyanja ya Chilwa, popeza mbiri ya nkhaniyi idalembedwa pa nthaka imeneyo.

Phunziro la nthaka imeneyo ndi ili: tsankho la atsamunda silidali pa khungu la munthu wogwira chikoti pokha. Lidali m'malamulo, m'misonkho, m'kaundula wa esiteti, ndiponso m'chizolowezi choona munthu wosauka ngati chinthu chimene chingagwidwe, kumenyedwa ndi kutsekeredwa popanda wofunsa. Mtsamunda adapita, koma malamulo ndi zizolowezi sizikwera sitima. Zimatsala, ndipo zimadikira mwini watsopano.

Pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi pali mabwinja a linga la Fort Lister, limene Angerezi adamanga m'chaka cha 1893 pofuna kutseka njira imene akapolo ankadutsa popita kunyanja yamchere. Palibe Mmalawi amene angalire kuti njira ya akapolo idatsekedwa. Komatu ulamuliro womwewo umene udatseka njira ya akapolo ndiwo udatsekula njira ya thangata. Malo aakulu adalembedwa m'dzina la makampani a Azungu. Kampani ya A. L. Bruce idali ndi esiteti ya Magomero ndiponso ina ku Likulezi, m'munsi mwa phiri la Mulanje. Alomwe amene ankaoloka malire pothawa nkhanza za Apwitikizi adalandiridwa pa maesiteti otere chifukwa adalibe kwina kolowera. Munthu wopanda malo akeake sakana lamulo la kapitawo, motero thangata idawalemera iwo koposa onse.

Boma la atsamunda lidathandiza eni maesiteti ndi msonkho. Pofika 1912 msonkho wa nyumba udali masheleni 8, koma amene wagwira ntchito mwezi umodzi kwa Mzungu ankalipira masheleni 4 okha. Amene ankatumidwa kukatolera msonkhowo adali asikali a pa Boma, ndipo mbiri ikuchitira umboni kuti nyumba za olephera kukhoma zinkatenthedwa, akazi awo nkugwidwa ndi kusungidwa pa Boma kufikira amuna atabwera ndi ndalama. Upolisi m'dziko muno udabadwa chotero. Sudabadwire kuteteza mayi wa m'mudzi kwa mbala. Udabadwira kuonetsetsa kuti msonkho wakhomedwa ndipo munda wa bwana walimidwa.

Mbusa John Chilembwe wa mpingo wa Providence Industrial Mission ku Mbombwe adaukira ulamuliro umenewu usiku wa pa 23 Januwale 1915. Panthawiyo munthu wakuda adalibe voti, adalibe phungu, ndipo khoti lidali m'manja mwa yemweyo amene ankatolera msonkho. Kuukirako kudalephera, ndipo pa 3 Febuluwale Chilembwe adaphedwa m'dera la Migowi, m'boma lomwe lero ndi Phalombe, akuthawira ku Mozambique. Mtembo wake adauika mobisa. Lero nkhope yake ili pa ndalama za dziko lino ndipo pa 15 Januwale chaka chilichonse ndi tsiku lomukumbukira. Koma pali mfundo imodzi imene olankhula pa misonkhano ya tsikulo sakonda kuitchula: amene adawombera Chilembwe sadali Azungu. Adali asikali achikuda, ana a dziko lomwelino, ovala yunifolomu ya Boma ndi omvera lamulo lochokera kumwamba. Amene akuganiza kuti kusintha khungu la wapolisi ndiko kusintha upolisi akaganize bwino pa mfundo imeneyi.

Anthu a chigawo chimenechi sadagonje chifukwa cha imfa ya Chilembwe; adasintha njira. Kwa zaka zambiri Alomwe ankatchedwa Anguru, dzina lachipongwe limene lidalowa ngakhale m'makalata a Boma. M'chaka cha 1943 Lewis Mataka Bandawe ndi anzake adayambitsa bungwe la Alomwe, nalemba makalata, nachita misonkhano, nakakamira kufikira Boma la atsamunda litavomera kuleka dzinalo m'zolemba zake. Sadatenthe nyumba ya munthu. Adasonkhana, adagwirizana, ndipo adagogoda pa khomo limodzi mosatopa. Mu 1944 chipani cha Nyasaland African Congress chidabadwa ndi mzimu womwewo, koma pa dziko lonse.

Atsamunda adayankha monga mwa chizolowezi chawo. Pa zipolowe za mu Ogasiti ndi Seputembala 1953, zimene zidayambira ku Thyolo nkufalikira m'maboma oyandikana nawo, anthu 11 adaphedwa, ndipo chaka chotsatira Boma lidakhazikitsa gulu la apolisi a Mobile Force. Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza kuti dziko lili pangozi. Anthu 51 adaphedwa ndipo oposa 1,300 adatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Woweruza Patrick Devlin, amene Boma la Britain lenilenilo lidamutuma kudzafufuza, adalemba kuti Nyasaland panthawiyo idasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, ndipo adadzudzula kumenya anthu ndi kutentha nyumba. Nanga thangata idatha bwanji? Idatha pamene anthu ogwirizana adapambana chisankho cha mu Ogasiti 1961, aphungu awo nakhazikitsa lamulo la 1962 lothetsa mchitidwewo. Chimene chidamangidwa ndi lamulo chidagwetsedwa ndi lamulo, ndipo lamulolo lidabwera chifukwa anthu adali amodzi.

Tsono apa ndi pamene onena kuti zonse zidatha mu 1964 ayenera kutchera khutu. Anthu a ku Phalombe, amene adaona napolo wa mu Malichi 1991 ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amadziwa kuposa wina aliyense tanthauzo la mwambi wakuti madzi saiwala khwawa. Ulamuliro nawonso suiwala khwawa. Malamulo a chitetezo amene atsamunda adasiya sadafafanizidwe. Adanoledwa mu 1965, ndipo anthu ambiri adakhala zaka ku Mikuyu ndi ku ndende zina osaonekera pamaso pa woweruza. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adapezeka atafa ku Thambani m'boma la Mwanza, ndipo dziko lidauzidwa kuti idali ngozi ya galimoto. Komishoni ya Woweruza Mtegha, imene idapereka lipoti lake mu 1995, idapeza kuti anthuwa adaphedwa ndi apolisi. Amene adaimbidwa mlandu wolamula chiwembucho khoti lidawamasula, koma nkhani ya ngozi ya galimoto palibenso amene amaikhulupirira.

Atsogoleri a chipani m'nthambi, m'madera ndi m'maboma aisunge nkhani imeneyi mumtima. Matenje adali mlembi wamkulu wa chipani cholamula cha nthawi imeneyo. Udindo wake sudamuteteze. Upolisi umene waphunzitsidwa kumvera munthu m'malo momvera lamulo sudziwa khadi la chipani. Umadziwa mawu a amene wakwiya lero. Wandale amene amaimbira foni mkulu wa apolisi kuti atulutse mphwake m'chitokosi, kapena kuti atsekere mnyamata wa chipani china, akunola mpeni umene mawa udzagwidwa ndi dzanja lina. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe, adatero akale.

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera, dziko lidalemba malamulo abwino. Malamulo Aakulu a 1994, pa ndime 19, amaletsa kuzunza munthu. Ndime 20 imaletsa tsankho la mtundu uliwonse. Ndime 42 imalamula kuti womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chiyankhulo chimene amamva ndipo aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Ndime 158 imaletsa apolisi kutumikira chipani. Mu 1997 ndondomeko yoti apolisi azigwira ntchito limodzi ndi anthu a m'midzi idayamba. Lamulo la apolisi la 2010 lidakhazikitsa bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, ndiponso lidapereka mwayi wakuti anthu wamba osankhidwa aziyendera zitokosi. Pa pepala, chikoti chidathyoka.

Koma pepala silimanga dzanja la munthu. Pa zionetsero za pa 20 Julaye 2011 anthu 20 adaphedwa. Mu Febuluwale 2019 munthu woganiziridwa pa mlandu wosowetsa mnyamata wachialubino adafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe, ndipo bungwe loona za ufulu wa anthu la MHRC lidapeza kuti adazunzidwa. Adafa asanaulule kukhoti zimene ankadziwa, motero nkhanzazo zidapweteka alubino omwewo amene ankati akuwateteza. Mu Okutobala chaka chomwecho, gulu la anthu litapha mkulu wina wa apolisi ku Msundwe, apolisi ena adalowa m'midzi ya Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu nagwiririra amayi ndi atsikana. Ndipo bungwe lolandira madandaulo lija, limene lamulo lidakhazikitsa mu 2010, lidakhala zaka khumi lisanayambe ntchito. Zaka khumi zimenezo sadazichedwetse ndi atsamunda. Adazichedwetsa Amalawi okhala m'maofesi.

Ena amati zonsezi ndi zochita za apolisi owerengeka, ndipo ambiri ndi abwino. N'zoona kuti ambiri ndi abwino. Alipo amene amagona m'nyumba zodontha, amene amayenda wapansi kukagwira mbala chifukwa galimoto ilibe mafuta, amene adapulumutsa anthu m'matope a Freddy. Koma amene amakonda apolisi abwinowa ndiye ayenera kukhala woyamba kufuna kuti oipawo alangidwe, pakuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Wapolisi mmodzi akalandira chiphuphu kwa wakabaza pa msewu wa ku Chiringa, wapolisi wolungama wa ku Migowi ndiye amene adzasowa mboni tsiku limene adzafune thandizo la anthu. Enanso amati kudzudzula apolisi ndiko kunyoza Boma. Ayi ndithu. Wonyoza Boma ndi amene amamenya munthu atavala yunifolomu ya Boma, chifukwa mayi wa kwa Nazombe kapena kwa Jenala saona nduna; Boma limene iye amaliona ndi wapolisi, kalaliki ndi namwino.

Nanga anthu achite chiyani akalakwiridwa? Pali njira ziwiri, ndipo Phalombe idalawa zonse ziwiri. Njira yoyamba idaoneka mu Seputembala ndi Okutobala 2017, pamene mphekesera za anamapopa zidafalikira ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi maboma ena. Anthu amene adataya chikhulupiriro mwa apolisi adadziika okha kukhala apolisi, oweruza ndi onyonga. Adatchinga misewu ndi mitengo, adasecha galimoto, adakayikira mlendo aliyense ngakhale ogwira ntchito za chipatala. Anthu osachepera 8 adaphedwa popanda umboni uliwonse, bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake ku Phalombe ndi ku Mulanje, ndipo anthu oposa 100 adamangidwa. Palibe namapopa ndi mmodzi yemwe amene adapezeka. Chimene chidapezeka ndi maliro a osalakwa ndi ntchito za chitukuko zoimitsidwa. Gulu limene limapha munthu chifukwa ndi wachilendo likuchita tsankho lomwelo limene makolo ake adachitiridwa pamene ankatchedwa Anguru. Chikoti chili m'manja mwa chigulu sichileka kukhala chikoti.

Njira yachiwiri ndi ya Bandawe, ndipo zipatso zake zilipo zooneka. Wamalonda wina wogulitsa majumbo ku Blantyre adagwidwa m'mamawa akupita ku ntchito yake, pa lamulo la vakabu limene mizu yake ili m'lamulo la ku England la 1824. Sadagende polisi. Mothandizidwa ndi mabungwe ndi maloya adapita ku Khoti Lalikulu, ndipo mu Januwale 2017 oweruza adagamula kuti mbali ya ndime 184 ya malamulo a milandu, imene apolisi ankagwirira anthu osauka chifukwa chongooneka okayikitsa, ikusemphana ndi Malamulo Aakulu. Mu 2022 Khoti Lalikulu ku Zomba lidagamulanso kuti kusesa anthu mwachisawawa usiku n'kosaloledwa. Amayi ndi atsikana 18 a ku Msundwe, mothandizidwa ndi bungwe la maloya achizimayi, adalimba mtima nakaonekera kukhoti, ndipo mu Ogasiti 2020 Woweruza Kenyatta Nyirenda adalamula kuti Boma liwapepese ndi ndalama. Mlandu suola, koma umafuna wousenza kukafika nawo pabwalo.

Ngakhale tsankho la khungu lenilenilo silidathe, ndipo nalonso lidagonja pa njira yomweyi. Mu Juni 2022 atolankhani a BBC adaulula kuti Lu Ke, mzika ya ku China, ankajambula ana a kwa Njewa ku Lilongwe akunena mawu odzinyoza okha m'chiyankhulo chimene sankachimva, nkumagulitsa zithunzizo. Amalawi adakwiya, koma sadatenthe masitolo a Matchaina osalakwa. Adachita zionetsero zamtendere, adakakamiza Boma, munthuyo adagwidwa ku Chipata nabwezedwa kuno, ndipo mu 2023 khoti lidamupeza wolakwa nalamula kuti achoke m'dziko muno. Funso limene latsala ndi la ogwira ntchito m'Boma: zidatheka bwanji kuti mlendo azisonkhanitsa ana m'mudzi kwa nthawi yaitali popanda ofesi ndi imodzi yomwe yofunsa? Yankho lake ndi mantha akale aja, ochotsera chipewa mlendo wa khungu loyera ndi kukalipira mbale wa m'mudzi.

Kunja nakonso umboni ndi womwewo. Ku Daveyton, ku South Africa, mu 2013 apolisi adakoka ndi galimoto woyendetsa minibasi wa ku Mozambique, munthuyo nafera m'chitokosi. Mu 2015 apolisi 8 adalamulidwa kukhala m'ndende zaka 15 aliyense. Ku Minneapolis, ku America, wapolisi amene adapha George Floyd mu Meyi 2020 adapezeka wolakwa chaka chotsatira. Pa milandu yonse iwiri chimene chidamanga apolisiwo ndi zithunzi zimene anthu wamba adajambula ndi foni, mboni zimene zidalimba mtima, ndi khamu limene silidalole kuti nkhaniyo ikwiriridwe.

Motero ntchito imene ili pamaso pa akuluakulu a pa Phalombe Boma si yofuna ndalama za alendo kapena msonkhano wa ku hotela. Phalombe idakhala boma palokha mu 1998, ndipo ili ndi khonsolo yake, Bwanamkubwa wake, polisi yake ndi khoti lake. Pa msonkhano wa khonsolo, makhansala ndi mafumu ali ndi ufulu wopempha mkulu wa apolisi kuti anene poyera: ndi anthu angati amene adamangidwa, ndi angati amene adapitirira maola 48 asanaonekere kukhoti, ndi madandaulo angati amene adalandiridwa ndipo adatha bwanji. Lamulo lopatsa anthu mwayi wodziwa zochitika m'Boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020, kotero kuti kufunsa manambala otere si mwano. Anthu oyendera zitokosi asankhidwe pakati pa atsogoleri a mipingo, a mizikiti ndi amayi odalirika, ndipo aziyendera mosayembekezereka. Pa khomo la polisi iliyonse, pa misika ya Migowi ndi Chiringa, ndiponso pa mabwalo a mafumu Mkhumba, Kaduya, Chiwalo ndi Nkhulambe, pakhomedwe chikalata cha m'Chichewa ndi m'Chilomwe chonena kuti belo ya kupolisi ndi yaulere, ndi kulongosola kumene wolakwiridwa angakadandaule.

Magulu a chitetezo cha m'midzi nawo ayang'aniridwe. Ntchito yawo ndi kuona, kuchenjeza ndi kuperekeza woganiziridwa kupolisi ali wamoyo ndi wosavulala. Gulu limene lasanduka la anyamata a chipani, kapena limene limamenya munthu lisanamupereke, lithetsedwe msanga. Ndipo popeza likulu la bungwe lolandira madandaulo lili ku Lilongwe, kutali ndi mlimi wa nandolo wa ku Chitekesa, alangizi, aphunzitsi ndi akalaliki a khonsolo ali ndi udindo womuthandiza kulemba dandaulo lake ndi kulitumiza, osati kumuopseza kuti adzaona zakuda. Aphungu a boma la Phalombe akamenyere m'Nyumba ya Malamulo kuti apolisi akhale ndi nyumba, mafuta ndi malipiro okwanira, pakuti wodandaula akauzidwa kuti agule mafuta a galimoto ya polisi, chilungamo chasanduka katundu wa olemera okha.

Kwa atsogoleri a chipani lamulo ndi limodzi, ndipo ndi lalifupi: manja awo achoke pa polisi. Wachipani amene walakwira lamulo akayankhe yekha kukhoti ngati wina aliyense. Chipani chimene chili m'Boma chimalemekezeka pamene munthu wosachivotera angalowe pa polisi ya Phalombe popanda mantha, nathandizidwa mofanana ndi wapampando wa dera.

Amene adagwira thangata pa Likulezi sadavutike kuti zidzukulu zawo zidzagwidwe ndi kumenyedwa ndi munthu wolankhula chiyankhulo chawo. Chilembwe sadafere ku Migowi kuti chikoti chingosintha dzanja. Ufulu umene udabwera mu 1964 ndi malamulo amene adalembedwa mu 1994 ndi ngongole imene wogwira ntchito m'Boma aliyense, wapolisi aliyense ndi mtsogoleri wa chipani aliyense ayenera kuibweza tsiku ndi tsiku kwa munthu wamba amene waima pa kauntala atagwira chipewa m'manja. Munthu ameneyo ndiye mwini dziko. Auzidwe kuti avale chipewa chake, akhale pampando, ndipo anene chimene chamubweretsa.